Umboni Wolembedwa Pamchenga

Mu ufumu wa Bolazioneke, mfumu ikapita kunja anthu ankagona ndi nkhawa, chifukwa sinkabwerako chimanjamanja. Ulendo wina inabwera ndi lamulo loti mbuzi iliyonse ikhale ndi mayina awiri. Ulendo wina inabwera ndi mawotchi a m'misewu, amene mpaka lero akuloza folo koloko. Ndiye chaka chimenecho, Mfumu Ndaonakunja Wachitatu atatsika ndege mano onse ali pamtunda, anthu anangoyang'anana n'kunena kuti, "Kaya lero watitengera chiyani."

Anawatengera kwalite.

Aphunzitsi a mu ufumu monse anawakweza malole kupita nawo kubwalo la nyumba yachifumu kuti akawombe m'manja. M'gulumo munali a Namaseko, mphunzitsi wa Sitandade Wani pasukulu ya Pamtetete, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene anali ataphunzitsa tiana toyamba sukulu zaka makumi atatu ndi chimodzi. Pambali pawo panakhala a hedi awo, bambo Kachingwe, munthu wabwino ndithu, kungoti mantha anawalowa kalekale n'kumanga nyumba.

"Anthu anga," inayamba mfumu, "kunja ndaona zodabwitsa. Sukulu ya kumeneko ukalowa, usanaone mwana umayamba waona faelo. Kumeneko chinthu chikachitika amachilemba. Akachilemba amalembanso kuti achilemba. Kenako kumabwera munthu wovala tayi kudzaona ngati analembadi kuti alemba. Imeneyo ndiye kwalite, ndipo ndakubweretserani."

"Mwalasa, mfumu!" anafuula a Vomerezani, Nduna ya Maphunziro, amene chibadwire sanamvepo mfumu ikuphonya.

A Vomerezani anatambasula chipepala n'kuwerenga malamulo atatu. Loyamba: chosalembedwa sichinachitike. Lachiwiri: cholembedwa ndi umboni, ndipo umboni usungidwe zaka zisanu. Lachitatu: mphunzitsi wopanda umboni sanaphunzitse, ndipo wosaphunzitsa achotsedwe ntchito. Sukulu yokwaniritsa zonsezi idzalandira Chidindo cha Ubwino kuchokera m'manja mwa mfumu yeniyeniyo.

A Namaseko anakodola a hedi ndi chigongono. "Nanga ife olemba pansife?"

"Wombani m'manja, mayi," ananong'ona a Kachingwe. "Akutiona."

Funso la a Namaseko silinali lachibwana ayi. Ku Pamtetete makope anasiya kufika kalekale, ndipo lamuloli litatuluka, timapepala timene tinatsala mu ufumu tonse tinapita kukasindikiza mafomu. Ana a m'kalasi mwawo, oposa zana, ankaphunzirira pansi pa mtengo wa mthethe, pomwe panali mchenga wosalala. Mwana ankasalaza mchengawo ndi chikhatho, n'kulemba ndi chala. Akalakwitsa ankangopukuta n'kuyambiranso, palibe womuseka, palibe wodziwa. A Namaseko ankayenda pakati pawo atawerama, akuyamika uyu, akugwira dzanja la uyo, ndipo chala chawo cha mkombaphala chinali chitauma ngati kamtengo. Ntchitoyo ankaikonda kuposa china chilichonse. Mwamuna wawo anamwalira, ana awo anakwatiwira kutali, ndiye chimene chinkawadzutsa m'mawa chinali phokoso la tiana timeneti basi.

Mafomu anafika pa ngolo ziwiri. Panali fomu yokonzekera kuphunzitsa, fomu yotsimikiza kuti fomu yokonzekerayo yadzazidwa, ndi ina yofunsa ngati makasitomala akhutira. Makasitomalawo anali ana asukulu, poti dzina lawo linasintha. A Namaseko anafunsadi makasitomala awo a zaka zisanu ndi chimodzi ngati akhutira, ndipo mmodzi anayankha kuti iye akufuna kukakodza. Analemba momwemo.

Aphunzitsi a makalasi ena anapeza nzeru msanga. Anaona kuti kuphunzitsa kukuwachedwetsa kudzaza mafomu a kuphunzitsa, ndiye anasiya kuphunzitsako. Mafaelo awo ananenepa mochititsa kaso. Koma a Namaseko anakakamira zonse ziwiri, mpaka anafika pa ndime yachisanu ndi chiwiri ya fomu, imene inkafuna ntchito yeniyeni ya ana. A hedi anaganiza masiku awiri, tsiku lachitatu anabwera pansi pa mthethe nkhope ili gwa.

"Mayi, kuyambira lero kufufuta n'koletsedwa. Kufufuta ndi kuwononga umboni."

"Ha! Nanga mawa tilemba pati, a hedi?"

"Musuntha."

Anasunthadi. Tsiku lililonse ana akaweruka, a Namaseko ankatchinga polembedwapo ndi nthambi zaminga, n'kuzika kamtengo kokhala ndi deti. Sabata yoyamba inamaliza mthunzi wa mthethe. Mwezi woyamba unadya bwalo la mpira. Kenako umboni unalanda bwalo la mbendera, unazungulira ofesi ya a hedi, unatseka njira ya kuchimbudzi, moti ana ankapita kumeneko monyang'ama ngati akudutsa pamoto. Tsiku lina mbuzi inalumpha minga n'kuyenda pa umboni wa Lachiwiri. A Kachingwe anadzaza fomu ya zosayenda bwino. Pofunsa gwero la vuto analemba kuti mbuzi. Pofunsa dzina la wolakwa analemba mayina ake onse awiri.

Zonsezi a Namaseko akanatha kuziseka. Chimene chinawapweteka mtima n'choti ana anayamba kuopa kulemba. Mwana ankakhala chala chili m'mwamba, osachitsitsa, podziwa kuti akakhotetsa chilembo, chikhala chokhota zaka zisanu, aliyense wodutsa akuchiona. Kamtsikana kena, Dolika, kanalira tsiku lonse chifukwa cha chilembo chimodzi. A Namaseko anakanyamula n'kukatonthoza, koma kufufuta sanafufute. Iwonso ankaopa lamulo lachitatu lija, ndipo manyazi anawagwira poona kuti akuopa.

Pofika teremu yachiwiri malo pasukulu anatha, ndiye kalasi inatuluka pageti. Inatsata m'mbali mwa msewu, inadutsa pachigayo, inadutsa pamjigo, ndipo mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Sitandade Wani inafika pamsika wa Tingopenya.

"Takulandirani, aphunzitsi!" anafuula amake Dolika, amene ankagulitsa tomato pakhomo la msika. "Sukulu yanuyi ikuyenda ngati linthumbu. Pofika Khirisimasi mukhala mutalowa m'chipinda cha mfumu."

"Aleke afike," anatero a Dzimbiri, mkulu wokhoma zidebe ndi mbaula, osasiya kukhoma. "Mwina kumeneko aphunzirako kanthu."

Anthu apamsika anaseka masiku awiri, kenako anayamba kuuteteza umboniwo ngati mbewu zawo. Kamvulumvulu akamabwera, amayi ankathamanga ndi masaka kukavindikira. Njinga zinkapatuka, nkhuku zinkagendedwa. Ndipo poti kalasi inkachitikira pamaso pawo, ena anayamba kutsatira mwakachetechete. Tsiku lina amake Dolika anaitana a Namaseko kuseri kwa benchi n'kuwaonetsa dzina lawo, Elube, atalilemba okha pansi.

"Sindinalembetse, sindinadzaze fomu," anatero. "Ndiye kaya zachitika kaya sizinachitike, koma dzina ndi limeneli."

A Dzimbiri nawo anali ndi chonyadira. "Mukumukumbukira Gelesomu wanga, aphunzitsi? Panotu ndi bwana wamkulu ku Bungwe Loona za Ubwino. Ndi amene amayendera masukulu. Kuno sabwera, ati fumbi limamuyambitsa chifuwa."

"Gelesomu ndimuiwale?" anaseka a Namaseko. "Uja ankawerenga chala chili pamzere, lilime lili panja, akuthamanga ngati akumuthamangitsa agalu? Miyezi itatu ndinagwira dzanja limene lija pansi pa mthethe."

Kenako kunabwera kalata yoti Lachisanu mfumu ifika ku Pamtetete ndi oyendera masukulu, ndipo mwambo udzachitikira pamsika chifukwa pasukulu panalibenso poponda. A Namaseko mtima unakhala pansi. Mvula inali isanagwe. Lachinayi madzulo anayenda kuchokera pa mthethe mpaka pamsika akuyang'ana timitengo ta madeti, ndipo panalibe tsiku losowa, kupatula Lachiwiri la mbuzi lija, lomwe linali ndi fomu yake. Mu ufumu monse munalibe mphunzitsi wa umboni wautali chotero. Anati mumtima, abwere aone.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. A Namaseko anaiwala mwambo wakale wa ku Bolazioneke, woti pomwe mfumu iponde pamasesedwa, pamathiridwa madzi, ndipo miyala ya m'mbali imapakidwa njereza. Lachisanu m'mawa akutuluka m'nyumba, anaona fumbi lili tolo kumsewu. Lole ya a Nduna inali itatsitsa amayi makumi asanu a matsache, ndipo kumbuyo kwawo kunkabwera galimoto yothira madzi. Minga yonse inali itaunjikidwa pamodzi, ikuyaka.

"Mayo ine! Siyani! Umenewo ndi umboni!" A Namaseko anathamanga chitenje chili m'manja.

Kapitawo wa osesawo anawaonetsa pepala. "Fomu ya ukhondo iyi, mayi. Yodindidwa kale."

Anayang'ana uku ndi uku kufuna a hedi, ndipo anawapeza pafupi ndi chigayo, tsache lili m'manja, akusesa mwezi wa Ogasiti.

"A hedi! Inu amene munati kufufuta n'koletsedwa?"

A Kachingwe sanadzutse mutu. "Onse ndi malamulo, mayi. Koma ili labwera ndi galimoto."

Pofika teni koloko msewu wonse unali see, kuyambira pa mthethe mpaka pa benchi ya amake Dolika. Kunena zoona unakongola. Mfumu itatsika inayamikira kuti sinaonepo dera laukhondo chotero, ndipo a Vomerezani anavomereza.

Anakhazika mfumu pampando pakati pa msika, pansi pa chinsalu cholembedwa zilembo zikuluzikulu. Kenako anaimirira mkulu wa oyendera masukulu, mwamuna wonenepa bwino, wa suti yotuwa, kampango kali pamphuno. Anali Gelesomu Dzimbiri. Bambo ake anamukwezera dzanja ali m'gulu la anthu, iye n'kuyang'ana kumbali.

Gelesomu anayeza mafaelo a sukulu ndi rula, napeza kuti aphunzitsi a Sitandade Thu mpaka Eyiti achita bwino kwambiri. Ananenanso kuti m'makalasi amenewo simunapezeke mwana ndi mmodzi yemwe wolakwitsa kanthu chaka chonse, zomwe zinali zoona, pakuti panalibe anawafunsa kanthu. Anthu anawomba m'manja. Ndiye anafika pa Sitandade Wani.

"Mayi Namaseko, mafomu anu ali bwino. Koma ndime yachisanu ndi chiwiri ikufuna ntchito yeniyeni ya ana. Ili kuti?"

"Mwaiponda pobwera, bwana. Aisesa m'mawa uno kuti mfumu idutse."

"Muli ndi umboni woti inalipo?"

Msika wonse unang'ung'udza. "Tinaiona ife!" anafuula amake Dolika. "Tinkaivindikira ndi masaka athu!"

"Munalemba kuti mwaiona?" anafunsa a Vomerezani.

A Namaseko anagwada pamaso pa mfumu, mawondo akulira. "Mfumu, zolemba zapita, koma olembawo ali pano. Ana inu, imirirani! Werengani chinsalu icho."

Tiana zana tinaimirira, timaso tili pachinsalu, n'kuwerenga pamodzi mokweza, liwu ndi liwu: "Ta-ku-la-ndi-ra-ni ku su-ku-lu ya kwa-li-te!" Amayi analulutira. A Namaseko misozi inalengeza, pakuti m'mera mpoyamba, ndipo mmera wawo unali utamera pamaso pa ufumu wonse.

Mfumu inaoneka ngati yakondwa, ndipo inatembenukira kwa nduna yake. Apa a Vomerezani anachita mantha, chifukwa sanadziwe choti avomereze. Anatsokomola.

"Mfumu, n'zokoma ndithu. Koma mwana si umboni. Mwana salowa mu faelo. Komanso umboni uyenera kukhala chimodzimodzi zaka zisanu, pamene mwana amakula, amasintha, ena mano amaguluka. Kodi kunja kuja munaonako mwana ali mu faelo?"

Mfumu inaganiza kwa kanthawi. "Ayi, sindinamuone."

"Mwalasa, mfumu!"

Kalata yochotsa ntchito inali yotayipa kale, pakuti kwalite imafuna kukonzekera. Anangolembapo dzina n'kupatsa Gelesomu kuti awerenge pagulu. Iye anachotsa kampango pamphuno, anaika chala pamzere woyamba, kansonga ka lilime kanatuluka, n'kuyamba kuthamanga. Anafuna athane nazo msanga.

A Namaseko anamvetsera ali chogwada. Anayesetsa kudzigwira, koma zaka makumi atatu si masewera.

"Gelesomu, wathamanga. Wadumpha mzere. Bwerera."

"Pepani, aphunzitsi," anatero bwana wamkulu wa Bungwe Loona za Ubwino, chala chikubwerera chokha pamzere wachiwiri.

Msika unaphulika ndi phwete. Ngakhale asilikali a mfumu anabisa nkhope m'zipewa. Gelesomu anazindikira mochedwa chimene wanena, thukuta lili kamukamu. Phokoso litatsika, kunamveka mawu a a Dzimbiri, amene anali atadzikankha mpaka kutsogolo, nyundo ili m'manja.

"Iwe Gelesomu. Kalata ukuwerengayo, anakuphunzitsa kuwerenga ndani?"

Gelesomu anayang'ana bambo ake. Anayang'ana mayi wogwada pansi uja, anayang'ana msewu woseseka bwino wopita ku mthethe, kenako anayang'ana a Nduna, amene ankamuyang'ananso. Paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, koma chingwe chimakhala m'khosi.

"Palibe umboni, bambo," anatero chapansipansi.

A Namaseko mawu amenewo anawalasa kuposa kalata yonse. Ntchito ankadziwa kuti yapita kuyambira pomwe anaona fumbi m'mawa, koma kukanidwa ndi dzanja limene analigwira miyezi itatu, chimenecho sanachiyembekeze. Anadzuka okha, anasasa mawondo, n'kuima chilili mpaka Gelesomu anamaliza kuwerenga. Ulendo uno sanadumphe mzere.

"Chabwino, bwana," anatero a Dzimbiri. "Nanenso tsiku limene unabadwa sindinalembe paliponse."

Sukulu ya Pamtetete inalandira Chidindo cha Ubwino tsiku lomwelo, ndipo anachikhoma pageti, chonyezimira ngati mbale yatsopano. Sitandade Wani anaitseka kaye podikira mphunzitsi wa kwalite, amene ankayembekezeka kupezeka m'zaka zitatu. Nyuzipepala ya ufumu inalemba kuti ku Pamtetete mavuto a ana oyamba sukulu atheratu.

Lolemba a Namaseko anadzuka m'mamawa mwa chizolowezi, anasamba, anavala, kenako anakumbukira kuti alibe kopita. Anakhala pakhonde manja ali pamiyendo. Kunyumbako kunali chete woopsa, ndipo anaona kuti akapitiriza kukhala alira. Anatenga kadengu kuti akagule tomato.

Pabenchi ya amake Dolika panalibe munthu. Anamva timawu kuseri, ndipo atasuzumira anapeza malo aakulu osesedwa bwino pakati pa mabenchi ndi shedi ya a Dzimbiri, atathirapo mchenga wa kudambo. Pamchengapo panakhala ana awo onse, ndipo kumbuyo kwa anawo kunakhala amayi asanu ndi awiri ndi a Dzimbiri amene.

"Mwachedwatu, aphunzitsi," anatero amake Dolika. "Makasitomala adikira."

"Abale inu, mukufuna andimange? Ine anandichotsa. Kuphunzitsa popanda chidindo ndi mlandu."

"Mlandu wake uti? Ife sitilemba paliponse."

A Namaseko anaika kadengu pansi, anamanga chitenje bwinobwino, n'kuwerama.

"Salazani mchenga. Lero tilemba mayina athu. Ndipo tamverani, wolakwitsa afufute."

"Tifufute, aphunzitsi?" anafunsa Dolika, chala chili m'mwamba.

"Fufuta, mwanawe. Fufuta mpaka ukhoze."

Zala zonse zinatsikira pansi nthawi imodzi.

Nkhani sigona. Lachitatu kunabwera msilikali wa mfumu pa njinga, fomu ili m'thumba la malaya, chidindo chikulendewera pa lamba. Anaimika njinga n'kukhosomola mwaudindo.

"Kwamveka kuti pano pakuphunzitsidwa ana popanda chilolezo."

A Namaseko anaweramuka pang'onopang'ono. "Ana inu, fufutani."

Zikhatho zana zinapukuta mchenga, pansi n'kungoti see ngati msewu wa mfumu.

"Muli ndi umboni, bwana?"

Msilikaliyo anayang'ana pansi, anayang'ana ana, anayang'ana amayi ogulitsa, amene onse mwadzidzidzi anatanganidwa ndi kupanga milu ya tomato. Anatulutsa fomu, anaitsamiritsa pa chishalo cha njinga, n'kulemba mosamala kuti pamsika wa Tingopenya palibe chimene chachitika. Anadinda. Anakwera njinga, anapalasa kawiri, kenako anatsikanso n'kubwerera akukankha, chipewa chili m'manja.

"Pepani, mayi. Kodi mawa palibe chichitike nthawi yanji? Ndili ndi kamwana kanga ka zaka zisanu ndi chimodzi."

"Hafu seveni," anatero a Namaseko. "Kabwere ndi chala chake basi."